Manja m'thumba, msana pa simenti

Ndiyambe ndi kunena kuti sindinaledzere. Anthu a ku Chilomoni amakamba zambiri za usiku umenewo, koma mowa panalibe.

Chinalipo ndi AEW Dark. Kampani ya wrestling ya AEW, imene Tony Khan anayambitsa mu 2019 ku Jacksonville m'chigawo cha Florida, inali ndi pulogalamu yaikulu ya pa TV yotchedwa Dynamite. Dark kanali kamng'ono wake ka pa YouTube, kaulere, kotuluka Lachiwiri lililonse. Kumeneko ndiye ankaponyako anyamata osadziwika kuti akatswiri akawapunthe m'mphindi zitatu, uku oulutsa ake, Excalibur ndi Taz, akungoseka zawozawo ngati anthu a pa bawo. Ine ndinkakakonda kuposa Dynamite yeniyeniyo. Ku Florida kankayamba 7 koloko madzulo, kuno ili 1 koloko usiku, nthawi imene bandulo imatchipa. Ndinkati Mulungu sataya wake.

Amene anandipweteketsa ndi Orange Cassidy. Mkulu ameneyu amalowa mu ring atavala jinzi ndi magalasi akuda, manja ali m'thumba, ngati munthu amene wangobwera kudzafunsa mtengo wa tomato. Mateche ake ndi ongogunda pamwendo, oti ngakhale nkhuku singathawe, koma chikhamu chimakuwa ngati wapha munthu. Kenaka amagwa chagada, n'kuponya miyendo m'mwamba, n'kudzambatuka kuima chilili, manja akadali m'thumba momwemo. Ndinabweza kanayi. Kachisanu mtima unandiuza kuti: iwe unkathamanga kusekondale, ichi n'chiyani?

Kabudula wanga wogonera alibe matumba. Thalauza lokhalo la matumba akuya linali la suti, limene amayi akunyumba anasita n'kulipachika kuseri kwa chitseko, poti Loweruka ndinali nkhoswe pa chinkhoswe cha mphwanga. Ndinalivala, malaya ayi. Magalasi akuda ndinavalanso, chifukwa chinthu ukachichita uzichichita chonse. Ndinakankha mpando, n'kugona chagada pabalaza, mahedifoni m'makutu, foni pachifuwa, manja m'thumba.

Apa ndikuuzeni zimene ndinazindikira ndili m'malere: ring yawo ija ili ndi matabwa ndi zofewa pamwamba, pamene pabalaza pathu ndi simenti yopolishidwa ndi Cobra. Miyendo inakweradi bwinobwino. Thupi ndi limene linakana kutsatira. Chidendene chinakola tebulo, fulasiki ndi makapu phwaa! Ine msana khuu! Thalauza ng'aa, kuyambira kumbuyo mpaka pa zipi. Chingwe cha mahedifoni chinazuka, foni n'kuyamba kulankhula yokha, Mzungu akukuwa Chingerezi m'nyumba mwathu 1 koloko usiku.

"Akubaaa! Abambo, dzukani, atilowera!" Anali amayi kuchipinda, akugwedeza pilo poyesa ndi ine.

Ndinafuna kuyankha, mpweya unali utapita kwawo. Ndinafuna kudzuka, manja anali atakanirira m'matumba, thako litawapsinja. Panja wenzulo inalira. Agalu a mzere wonse anayambapo. Posakhalitsa a landilodi anali pakhomo ndi chikwanje, aneba ndi zibonga, ndipo amayi anathamanga kukatsekula, n'kundiponda pamimba mumdimamo.

Tochi zinayi zinandiunika. Bambo wa ana awiri, msungichuma wa kwaya, ali gone pakati pa magalasi osweka, chifuwa pamtunda, thalauza la suti long'ambika, magalasi akuda kumaso, manja m'thumba.

Kunali zii. Ndi Taz yekha ankaseka mufoni.

"Abambo," anatero amayi motsitsa mawu, "mukutani?"

"Ndimayeserera."

"Kuyeserera chiyani?"

"Kudzuka."

Apo ndi pamene agogo, mayi awo a landilodi, anasuzumira pakati pa anthu, chitenje chili m'khosi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ana kudenga. "Musavutike ana anga. Ameneyu lichero lamuthera mafuta. Onani ngati malata sanabooke." Mnyamata wina anaunikadi kudenga.

Ndinawaonetsa foni, ndinabweza pomwe Orange Cassidy amadzambatukapo. A landilodi anaonera kawiri, anati, "Uyutu ndi katswiri," n'kundiyang'ana ine mwachisoni. Agogo anakana kuonera, ati zimenezo ndiye zomwe amaphunzirirapo.

Loweruka ndinayendetsa mwambo nditavala thalauza la alamu anga, lolekeza pamwamba pa akakolo, ndikukhala chammbali pampando ngati munthu wa chithupsa. Fulasiki ndinagula ina. Dark inatha mu Epulo 2023, ndipo amayi atamva anaphika nkhuku. Ana a pamzere wathu mpaka lero akandiona amapisa manja m'thumba. Agogo aja akamapeta mpunga pakhonde, ndikangotulukira, amalowetsa lichero m'nyumba.