Lachinayi: Bruno wagonekedwa

Ndikulemba izi cha m'ma 10 koloko usiku, m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya abwana kuno ku Pretoria. Pakhonde pali zii. Masiku onse nthawi ngati ino Bruno, galu wa abwana, amakhala atadziponya pakhomo panga, mphuno ataisomeka pansi pa chitseko, koma lero wagona kuchipatala cha ziweto ali ndi dilipu kumwendo.

Zinayamba Lolemba. Galu amene amandilandira ndi chidumphadumpha anangoyang'ana mbale yake n'kutembenuka. Thupi linali moto. Nditamufunyulula mlomo ndinapeza nkhama zayera mbuu, ndipo mkodzo wake unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Abwana ndi adona ali ku Cape Town kwa mwana wawo, ndiye pafoni anangoti ndithamange naye. Adokotala anaboola kansonga ka khutu, kupaka kadontho ka magazi pakagalasi, n'kundiitana kuti ndisuzumire nawo pamakina. Ndinaona timadontho tokhala tiwiritiwiri ngati timapeyala m'kati mwa maselo ofiira a magazi. Kuno matendawa amawatchula biliary. Kachilomboko ndi Babesia rossi, ndipo kamalowa m'thupi kudzera mwa nkhupakupa yachikasu ya agalu. Anamubaya jakisoni mmodzi wa Berenil, yemwe uja alangizi a ziweto amabaya ng'ombe kwathu, ndipo anandichenjeza kuti sabwerezedwa msanga chifukwa akachuluka amawononga ubongo wa galu. Lachiwiri thupi linazizira. Lachitatu mchira unayamba kugwedezeka. Ine mumtima ndinati basi, tawoloka.

Lero nditatuluka 5 koloko kuti ndikathirire maluwa dzuwa lisanawombe, ndinapeza masanzi achikasu malo atatu. Bruno anali pakapinga, ataima mwachilendo: miyendo yakutsogolo atayala pansi, chifuwa chili pansi, chiuno chili m'mwamba, ngati akufuna kusewera. Koma maso ake sanali a masewera. Nditamugwira pamimba, chakumtunda kufupi ndi nthiti, analira kulira kumene sindinakumvepo kwa iye, n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira. Madzi amene anamwa anabwerera onse pasanathe mphindi zisanu.

Pofika 8 koloko tinali titabwerera kuchipatala. Adokotala ndi mayi wachitsikana, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ine ndimawakonda chifukwa amandifotokozera ngati mwini galu osati ngati wantchito wongotumidwa. Anatenganso magazi, anameta ubweya wapamimba n'kuunika ndi sikani. Atatuluka anati magazi ayamba kubwerera ndipo tizilombo tija sitikuonekanso pagalasi, koma vuto tsopano lasamukira ku pancreas.

Apa ndinasokonekera. M'mutu mwanga ndinamasulira kuti kapamba, ndipo kapamba amene ndimamudziwa ine ndi uja amatupa kumanzere kwa mimba mwana akadwala malungo pafupipafupi, amene agogo ankatema mphini pamwamba pake. Ndinawauza choncho. Anaseka pang'ono, natenga pepala n'kujambula ziwalo ziwiri. China, anati, ndi chimene ndikunenacho, chosefa magazi, ndipo nachonso chatupa mwa Bruno chifukwa biliary imachita ngati malungo. Chinacho ndi kachiwalo kathyathyathya kogona m'mbali mwa chifu ndi poyambira matumbo. Ife mawu athu ndi amodzi omwewo, kapamba, pa ziwalo ziwiri zosiyana ntchito. Kachiwirika ndi kamene kamapanga insulini, uja amabaya anthu a shuga, komanso kamapanga timadzi togaya mafuta ndi nyama. Timadzito timayenera kudzuka titafika m'matumbo. Kachiwaloka kakavulala, timadzuka tikadali m'kati n'kuyamba kugaya nyumba yake yomwe. Ululu wake ndi umene unamugwaditsa Bruno pakapinga paja.

Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: wadya chiyani masiku awiriwa?

Ndinakhala kaye chete. Dzulo madzulo mlamu wanga anadutsa ndi zotsala za braai, phwando la nyama yowotcha, ya kuntchito kwake, ndipo poona kuti galu wayamba kufuna kudya atakhala masiku awiri osalawa kanthu, ndinamudulira mafuta onse a nyama ya nkhosa, kuwonjezera zikopa za nkhuku. Anadya mpaka kunyambita mbale. Ndinagona wokondwa. Kwathu wodwala akayamba kudya timamupatsa chonona kuti abwerere m'thupi, ndiye ndinachita zimene ndinaleredwa nazo.

Ndinaulula zonse. Sanakalipe. Anati chakudya chamafuta chobwera mwadzidzidzi ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zoyambitsa vutoli mwa agalu, ndipo sakanandinamiza kuti sichinathandizire. Koma anati mlandu si wa nkhosa yokha. M'chaka cha 2000 madokotala a ziweto a ku Onderstepoort, sukulu ija ili chakumpoto kwa mzinda uno, analemba za agalu 4 a biliary amene kapamba wawo atamuunika anapezeka wotupa, ndi ena 16 amene magazi awo ankaloza komweko. Ambiri vutoli linkaonekera patapita masiku awiri kapena atatu chigonekedwere, nthawi imene mwini galu wayamba kupuma kuti zatheka. Ndinawerenga ndi zala: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Ndendende.

Mmene anafotokozera, kachilomboko sikachita kukaluma kapamba. Kamaphwanya maselo ofiira, magazi n'kuchepa, mpweya wofika ku ziwalo n'kuperewera, ndipo nthawi zina kuthamanga kwa magazi kumatsika. Thupi nalo polimbana ndi mdaniyo limatulutsa ukali wochuluka umene umapweteka ndi zake zomwe: impso, chiwindi, mapapo, nthawi zina ubongo. Kapamba ndi kachiwalo kosachedwa kukhumudwa. Akakhala masiku angapo osalandira magazi okwanira, kenako magazi n'kubwerera mwamphamvu, amatha kuvulala. Ndiye pa kapamba wofooka kale ameneyo ine ndinakatulirapo mbale ya mafuta. Mutu umodzi unasenza mitolo iwiri.

Ndinafunsanso za ine mwini, poti chaka chatha nkhupakupa inandiluma kuseri kwa bondo ndikudula udzu. Panatuluka kachilonda kakuda pakati, zofiira m'mbali, mwanabere n'kutupa m'mphechepeche, ndipo mutu unandiwawa ngati akuukhoma misomali. Kukiliniki anandipatsa doxycycline ndipo patapita masiku ochepa ndinali bwino. Adokotala anati iwo ndi a ziweto, koma chimene angandiuze n'chakuti changacho chinali kachilombo kena, ka mtundu wa Rickettsia, osati ka Bruno, ndipo Bruno sangandipatsire matenda ake. Anati m'mabuku a madokotala a anthu muli nkhani za odwala apo ndi apo amene kapamba anatupa atadwala kwambiri malungo a nkhupakupa, monga aja a ku America otchedwa Rocky Mountain spotted fever, koma n'zosowa. Mwa anthu, zimene zimatupitsa kapamba kawirikawiri ndi timiyala ta mu ndulu ndi mowa. Pa mawu omalizawo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinawauza kuti ndinasiya kalekale, zimene ndi zoona ngati sitiwerenga Khirisimasi.

Mankhwala enieni opha vutoli palibe, anatero. Ntchito yawo ndi kumuthandiza thupi lidzikonze. Dilipu, jakisoni woletsa kusanza, wina wa ululu, ndipo akangosiya kusanza ayamba kumupatsa chakudya chochepa chopanda mafuta. Ndinasaina pepala m'malo mwa abwana. Ndalama zimene zinalembedwa pamenepo sindizitchula, kuopa ena angakomoke.

Masana ndinaimbira mayi a kunyumba ku Ntcheu. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati, “Bambo a Chisomo, mukuti galu ali pa dilipu? Galu weniweni wa miyendo inayi?” Ndinati eya. Anati, “Nanga ine muja ndinadwala mutu sabata yathunthu munangoti ndimwe panado?” Tinaseka mpaka mayunitsi kutsala pang'ono kutha. Koma atadula foni ndinakumbukira agalu a malemu bambo anga. Makutu awo ankakhala odzaza nkhupakupa zonenepa ngati nsatsi, ife ana tinkazithothola ndi zala n'kumaziponya pamoto kuti timve kuphulika. Galu akayamba kufooka, kukodza zofiira, kenako n'kukafera kuseri kwa nkhokwe, tinkati wadyetsedwa poizoni, ndipo nthawi zonse pankapezeka mnansi womuganizira. Pali banja lina limene sitinalankhulane nalo zaka ziwiri chifukwa cha galu wotchedwa Tiger. Lero ndakhala ndikuganiza za banja limenelo kuposa mmene ndimayembekezera.

Chakumadzulo ndinagwira ntchito ngati wolipira mlandu. Ndatchetcha udzu wonse wa kumpanda, ndachapa zogonera za Bruno ndi madzi otentha, ndasesa m'ming'alu ya khola lake. Pakalendala ya kukhitchini ndapeza chimene chinatsegula khomo: piritsi lake loteteza ku nkhupakupa, lija limagwira masabata 12, linayenera kuperekedwa kumayambiriro kwa Disembala. M'chipwirikiti cha maholide palibe anakumbukira, adona ngakhale ine. Ndipo ino ndi nyengo ya mvula, udzu wa kudambo kumene ndimakamuyendetsa wafika m'chiuno, ndipo kumeneko usiku kumalira nkhandwe, zimene adokotala akuti zimasunga kachilomboka m'magazi popanda kudwala. Nkhupakupa imafunika ikakamire tsiku lathunthu kapena awiri kuti ipatsire matendawa. Ndikanamamupapasa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala tikabwerako, mwina ndikanaipeza isanamalize ntchito yake.

Abwana ndawauza zonse, za mafuta a nkhosa zomwe. Anapuma mozama, n'kunena kuti iwonso akanachita chimodzimodzi. Kaya amanena zoona kaya amangondipepesa, ndalandira.

Cha m'ma 7 koloko kuchipatala anaimba. Akuti sanasanzenso kuyambira masana, wakodza, ndipo mkodzo wayamba kuyera. Wagona chammbali, osati chogwada chija. Andiuza ndipite mawa 9 koloko ndi bulangete lake lakale, ndiponso chifuwa cha nkhuku chowiritsa, chochotsa khungu, chopanda mchere, kuti ayese ngati angadye kuchokera m'dzanja langa. Nkhukuyo ili pamoto panopa.