Nyenyezi yofa ikuzungulira ngati nguli

Dzulo magetsi atathima ndinakhala pakhonde ndi kafoni kanga, bando ili pafupi kutha koma ine osalekeza kuwerenga za ma gamma-ray burst. Uku ndi kung'anima kwamphamvu zedi komwe maso athuwa sangaone, ndipo anayamba kukugwira ndi masetilaiti a asilikali aku America otchedwa Vela mu 1967, iwo ali kalikiliki kulondera ngati wina akuyesa mabomba a nyukiliya mozemba, n'kupeza kuti zinthuzi zikuchokera kutali kwambiri mlengalenga. Kung'animako kukapitirira masekondi 2 amati ndi kotalika, kukapanda kufika pamenepo amati ndi kwakufupi.

Chomwe chimandisowetsa tulo n'choti nyenyezi yomwe imabereka kung'anima kotalikaku imakhala yotani. Mu 1993 katswiri wa za nyenyezi Stan Woosley anati ndi chinyenyezi chachikulu chomwe mtima wake (pakatikati pake) wagwera mkati n'kusanduka black hole, dzenje lokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawemo, ndiye zotsalazo zikamazungulira kulowa m'dzenjemo pamatuluka malawi awiri oonda ngati kuwala kwa tochi, ndipo ife timaona pokhapokha tochiyo italoza kuno. Umboni unabwera mu 1998 komanso 2003, pomwe pamalo omwe panang'animapo panaonekanso supernova (kuphulika kwa nyenyezi ikamafa), SN 1998bw ndi SN 2003dh, zopanda hydrogen ngakhale helium. Ndiye kuti nyenyeziyo inali itavula kale zovala zake zakunja, zomwe ndi mipweya iwiriyi, ngati nyenyezi zija amati Wolf-Rayet.

Apa ndi pomwe mutu unaima. Kuti malawi aja atuluke, mtima wa nyenyezi uyenera kuzungulira ngati nguli yoti waikwapula kumene, koma chimphepo chochokera m'nyenyezi momwemo chomwe chimaivula zovala zija ndi chomwenso chimaibera liwiro, nanga zitheka bwanji zonse ziwiri? Ena akuti nyenyezi zokhala ndi zitsulo zochepa (akatswiri a nyenyezi amati chitsulo ndi chilichonse cholemera kuposa hydrogen ndi helium) zili ndi mphepo yofooka, ndiye liwiro silithawa. Ena akuti pamakhala nyenyezi inzake pafupi yomwe imaivula n'kumaikwapula. Ine mtima wanga uli kwa achiwiriwa, amene tinasewerako nguli pabwalo tikudziwa kuti ikasowa woikwapula imangodzandira n'kugwa.

Kenaka ndinagwera pa GRB 211211A ya mu December 2021. Inang'anima pafupifupi mphindi yathunthu, aliyense akudikira supernova, m'malo mwake panaoneka kuwala kwina kotchedwa kilonova, chizindikiro choti zagundana ndi ma neutron star (timitima tothinana kwambiri totsala nyenyezi zazikulu zikaphulika), zomwe ankati zimangobereka kung'anima kwakufupi basi. Lamulo la masekondi 2 lija linagwedezeka pomwepo.

Magetsi anayaka cha m'ma 11, bando itatha kalekale, udzudzu utandimaliza akakolo.