Thanki yanga ya asidi yapasa, koma tsiku limodzi landithera pachabe

Ndangotuluka kumene ku galaja kumene amayendera ndi kuyesa thanki yanga monga lamulo lifunira chaka chilichonse, ndipo mtima wayamba kutsika. Anzanga amene mumakoka mathanki a asidi kuno ku America, makamaka amene mwangoyamba ndi thanki yanuyanu, tamvani zimene ndadutsamo sabata ino. Yanga ndi ya mtundu wotchedwa DOT 412, yomatidwa labala mkati, ndimanyamula asidi wa hydrochloric acid, nambala yake UN1789, zikwangwani za gulu 8 (la katundu wodya zinthu) mbali zonse zinayi. Malamulo a boma a kayenderedwe kake ali mu gawo lotchedwa 49 CFR 180.407, ndipo amene amayendera thankiyo ayenera kukhala Registered Inspector, woyendera wovomerezeka, wa pamalo olembetsedwa kuboma, okhala ndi nambala yolembetsera yotchedwa CT. Izo aliyense amadziwa. Chimene sanandiuze munthu ndi nkhani ya kotsukira.

Thanki iume. Ndikunena kuuma kwenikweni, osati kungoti madzi asiya kudontha kupayipi.

Ndinapita kotsukira Lolemba madzulo, ndinalipira, anandiuza kuti zatheka. Lachiwiri m'mamawa ndili pageti la galaja, nthawi yanga isanakwane n'komwe. Woyendera uja anakwera pamwamba, anatsegula chivundikiro, anaunika ndi tochi kamodzi kokha n'kutsika. Madzi ali tchaa pansi, cha kumbuyo kumene thanki imatsetserekera, ndipo labala yense ali nyowe. Ananena mosakweza mawu kuti salowamo. Labala amamuyesa ndi kachipangizo kamagetsi amphamvu kotulutsa tizimoto, amakayendetsa pang'onopang'ono pakhoma lonse, ndipo pamene pali kabowo ngakhale kochepa ngati ka singano, moto umalumphira kuchitsulo. Pakakhala chinyezi moto umangothethekera paliponse, sungasiyanitse bowo ndi dontho. Kuwonjezera apo anandifunsa pepala la kotsukira losonyeza chimene chinali mkati komanso mmene anatsukira. Ndinalibe. Anandipatsa lisiti ya ndalama basi, ine n'kumayesa kuti ndi lomwelo. Munthu sangalowe m'thanki ya asidi pongomva mawu a dalaivala, amayamba wayeza mpweya wamkati ndipo wina amaima panja kumuyang'anira. Pamenepo sindimudandaula, moyo ndi wake.

Amene ndikudandaula ndi a kotsukira. Nditabwerera anandiuza kuti kuumitsa ndi ntchito ina, mtengo wakenso ndi wina, ndipo ine sindinapemphe. Bwanji osandifunsa dzulo, poti ndinanena poyera kuti thanki ikupita kokayendera? Anangokweza mapewa. Ndinakhala pamzere kumbuyo kwa mathiraki ena mpaka dzuwa kupendeka, ndinalipira kachiwiri, ndipo pobwerera ku galaja ndinapeza malo anga apatsa wina. Katundu amene ndinayenera kunyamula Lachitatu anapita ndi munthu wina. Tsiku lonse ndinalitha nditakhala m'kabini ndikuyang'ana thanki yopanda kanthu.

Ndaiwala kunena za zilembo, zimene zinayenera kukhala poyamba. Pafupi ndi kachitsulo kolembedwa mbiri ya thanki, kapena kumutu kwake kutsogolo, pamakhala mwezi ndi chaka chimene anaiyendera, kenako chilembo chosonyeza mtundu wa mayeso. V ndi kuyang'ana kunja, I mkati, L labala kapena chomata china chamkati, K kuyesa ngati ikudontha, P presha, T kuyeza kukhuthala kwa chitsulo. Kwa ife amene katundu wathu amadya thanki, V, I, L ndi K ndi chaka chilichonse. Anzathu a mafuta ambiri amalowa mkati kamodzi pazaka 5, ife ayi. P pathanki ngati yanga ndi zaka 5. T ndi ya amene thanki zawo zilibe chomata mkati koma akunyamula zodya chitsulo, iwo ndi zaka 2 zilizonse. Muziwerenga nokha zilembozo, chifukwa tsiku likadutsa simuloledwa kuthiramo katundu, ndipo pamalo opakira ambiri amayang'ana asanakulumikizeni payipi.

Lachinayi ndiye anayamba ntchito. Zakunja zinayenda msanga: mawotcherero, mabawuti, mapayipi, magasiketi, chotsekera changozi chija chimene umakoka uli patali. Valavu yotulutsa presha anaimasula n'kukaiyesa pabenchi, chifukwa lamulo likuti ngati katundu amadya valavuyo, kuiyang'ana ili pomwepo sikokwanira. Kenako panabwera china chimene sindinachiwerengere m'thumba. Chitsulo chakunsi chimene chili ndi kingpin, pamene thanki imakhalira pathiraki, chiyenera kuchotsedwa kamodzi pazaka 2 kuti aone dzimbiri lobisala pamwamba pake. Mwini wakale anachichotsa liti, mapepala amene anandisiyira sanasonyeze, choncho anachichotsa. Maola ena awiri, ndalama zinanso. Ndinang'ung'udza, koma atachitsitsa ndinaona ndekha matope ndi dzimbiri zimene zinaunjikana pamenepo, ndinangokhala chete.

Mkati ndi mmene munali nkhani. Anayamba ndi maso, kufufuza matuza, ming'alu ndi pamene labala wanyamuka. Kenako kachipangizo kaja. Ine ndili panja ndikungomva kulira kwake, ndiye mwadzidzidzi phokoso linasintha, thethethe, pafupi ndi potulukira katundu. Kabowo kamodzi. Atandionetsa chithunzi pafoni sindinakaone n'komwe mpaka atalozapo ndi choko. Koma asidi safuna khomo lalikulu. Akalowa kuseri kwa labala amadya chitsulo mwakachetechete, iwe n'kumayenda pamsewu uli ndi thanki yooneka bwino kunja. Choncho anadula labala pamalopo, anapala, n'kuyeza kukhuthala kwa chitsulo ndi makina a ultrasound, amene ayenera kulondola mpaka 0.002 inchi. Nambala imene inatuluka anaiyerekeza ndi kukhuthala kochepetsetsa kolembedwa pakachitsulo ka thanki. Mphindi zimenezo ndinatuluka thukuta, chifukwa ikanakhala pansi, nkhani ikanakhala yowotcherera kumalo ovomerezeka kapena kuisiyiratu ntchito ya asidi. Inali pamwamba. Anamata chigamba, anadikira kuti chigwire, n'kuyesanso ndi moto uja. Zii.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti akanavomera kuyesa Lachiwiri muli chinyezi, kabowoko mwina kakanasokonekera m'phokoso lonselo. Sizikuchotsa mkwiyo wanga pa a kotsukira, koma ndiye choncho.

Kuyesa kudontha kunali komaliza, anapopera mpweya mpaka 80 peresenti ya presha yapamwamba yololedwa, mavalavu ndi mapayipi onse ali m'malo mwake, n'kumathira madzi a sopo m'molumikizira. Gasiketi imodzi inatulutsa thovu, anasintha pomwepo.

Musachoke popanda lipoti. Liwerengeni muli pomwepo, muone nambala ya thanki, mayeso onse amene achita, nambala yawo ya CT ndi siginecha. Langa anaiwala kulembapo za chitsulo cha kingpin chija, chinthu chimene ndinalipira, ndinachita kubwerera kuchokera pageti. Lipotilo mumasunga mpaka mayeso ena a mtundu womwewo atachitika, ndipo mukadzagula thanki kwa munthu, mufunse mapepala amenewa musanapereke ndalama.

Ndipo kotsukira, nenani mawu onse atatu: kutsuka, kuumitsa, pepala. Kwerani pamwamba ndi tochi yanu muone nokha musanatulutse thiraki pageti. Ine chaka chamawa ndikatsukitsa masiku awiri tsiku la galaja lisanafike, ndipo osati pamalo aja.