Telala wa ku Limbe ndi sikafu ya Dokotala: mbiri ya shopu yathu ku Cardiff

Bizinesi yathu ndi yosoka ndi kuluka zovala, ndipo tili mumzinda wa Cardiff ku Wales, kumene sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Doctor Who lakhala likujambulidwa chiyambire pamene bungwe la BBC linaliukitsa. Makasitomala athu ambiri ndi anthu okonda seweroli, amene amafuna kuvala monga amavalira Dokotala, mwini nkhani wa seweroli, amene ankamuonera ali ana. Abale kumudzi akamva zimenezi amadabwa kuti munthu wamkulu, waimvi zake, angalipire ndalama zambiri chifukwa cha sikafu yofika pansi, ndipo inenso poyamba ndinkadabwa chimodzimodzi, chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze mmene ntchitoyi inayambira ndi chimene chimaichirikiza.

Utelala ndinauphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe, pa makina opalasa ndi phazi, ndipo kuno ndinabwera motsatira mayi a kunyumba amene anapeza ntchito ya unamwino. Zaka zoyambirira ndinkasokera m'chipinda cha m'nyumba yalendi: kufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi, ndi kusoka madiresi a zitenje pakakhala ukwati kapena chinkhoswe cha anzathu ochokera kwathu. Za Doctor Who sindinkadziwa kalikonse. Ku Malawi wailesi yakanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, choncho ubwana wanga wonse unali wa wailesi yomvera, ndipo zimene makasitomala anga amazikumbukira misozi ili m'maso ine ndinachita kuziphunzira ndili wamkulu kale.

Seweroli linaonetsedwa koyamba pa 23 Novembala 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa Pulezidenti Kennedy wa ku America. Ndi nthano yopeka ya sayansi yonena za Dokotala, mlendo wochokera kudziko lina lakuthambo, wa mitima iwiri, amene amayenda m'nthawi yakale ndi yam'tsogolo pa chombo chotchedwa TARDIS, chooneka kunja ngati kanyumba kabuluu kamene apolisi a ku Britain ankaimbiramo foni, koma mkati mwake ndi motakasuka kuposa kunja. Chimene chinalipatsa moyo wautali chinachitika mu 1966, pamene William Hartnell, amene anali Dokotala woyamba, anayamba kufooka m'thupi. Olemba anakonza zoti Dokotala akafika pafupi ndi imfa azisandulika n'kukhala ndi nkhope ina ndi khalidwe lina, ndipo Patrick Troughton analowa m'malo mwake. Kwa ife matelala nzeru imeneyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa Dokotala aliyense watsopano amabwera ndi kavalidwe kake, ndipo mbadwo uliwonse wa oonera uli ndi amene umamutcha kuti “Dokotala wanga”.

Mu Disembala 1989 seweroli linasiya kuonetsedwa, oonera atachepa ndiponso akuluakulu a kanema atasiya kulikhulupirira. Filimu ya mu 1996, imene Paul McGann anali Dokotala, sinabereke zigawo zina monga ambiri ankayembekezera. Koma okonda seweroli sanalole kuti lizimirire. Magazini yake, imene inayamba mu 1979, inapitiriza kusindikizidwa. Mabuku a nkhani zatsopano anayamba kutuluka mu 1991. Ndipo kuyambira mu 1999 kampani ya Big Finish inayamba kujambula masewero omvera pogwiritsa ntchito mawu a akatswiri akale omwewo. Ena mwa ana amene anakula akulionera anadzakhala olemba a pa kanema, ndipo mmodzi wa iwo, Russell T Davies wa ku Swansea, ndi amene anapatsidwa udindo woliukitsa. Pa 26 Malichi 2005 gawo loyamba linaonetsedwa, Christopher Eccleston ali Dokotala ndipo Billie Piper ali mtsikana wogwira ntchito m'sitolo, ndipo anthu oposa 10 miliyoni analionera. Sitolo imene inaoneka m'gawolo ngati ya ku London inali ya Howells, ya pakati pa mzinda wathu womwe uno.

Ife tinalowa mu ntchitoyi mu 2013, chaka chimene seweroli linakwanitsa zaka 50. Nthawi imeneyo ku Cardiff Bay kunali nyumba yachionetsero yotchedwa Doctor Who Experience, imene inatsegulidwa mu 2012, ndipo alendo ochokera m'mayiko ambiri ankadzaza m'misewu atavala ngati Madokotala osiyanasiyana. Bambo wina wachikulire amene ndinkamukonzera masuti anaona mayi a kunyumba akuluka juzi ya mwana, ndipo anafunsa ngati angathe kumulukira sikafu yonga imene Tom Baker ankavala ali Dokotala kuyambira mu 1974. Anabwera ndi zithunzi ndi pepala limene analembapo kuchuluka kwa mizere ya mtundu uliwonse wa ulusi. Sikafuyo itatha anaivala pa chikondwerero cha chakacho, anzake anamufunsa kumene anaitenga, ndipo maoda anayamba kubwera mwa njira imeneyo, wina kuuza mnzake. Mpamba wathu unali makina amene ndinali nawo kale ndi ndalama zochepa zimene tinasunga, zimene tinagulira ulusi waubweya ndi nsalu.

Sikafu imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo kasitomala aliyense amaidziwa. Wokonza zovala za seweroli, James Acheson, anapereka ulusi wambiri wamitundumitundu kwa mayi wina woluka dzina lake Begonia Pope, ndipo mayiyo analuka ulusi wonsewo osasiyako, mpaka sikafu inatalika kupitirira mamita 3. Ili ndi mitundu 7: wapepo, wakhaki, wachikasu, wofiira moderako, wotuwa, wobiriwira ndi wabulauni. Kalukidwe kake ndi kophweka, kamene aliyense wophunzira kuluka amayambira, koma vuto lili pa mitundu. Mizereyo siifanana kukula, ili ndi dongosolo lake, ndipo sikafuyo inkasintha pamene zaka zinkapita chifukwa inkang'ambika, kukonzedwa ndi kulumikizidwa ndi ina, mpaka mu 1980 pamene June Hudson anakonza ina yofiirira kwambiri. Choncho munthu akanena kuti akufuna sikafu ya Tom Baker, funso lathu loyamba limakhala lakuti akufuna ya chaka chiti. Pali ena amene amabwera ndi tizidutswa ta ulusi n'kutiyerekeza ndi wathu pawindo, pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa magetsi a m'shopu amasintha maonekedwe a mtundu. Sindinawaonepo anthu amenewa ngati ovuta. Amandikumbutsa amayi a kwathu akamasankha chitenje cha chinkhoswe, amene amadziwa kuti patsikulo aliyense adzaona ngati mtundu wasemphana ndi wa anzawo.

Kuluka sikafu yotere ndi manja kumatenga masabata, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa masikafu opangidwa ndi makina m'mafakitale. Tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti sitidzapikisana ndi mafakitale, ndipo amene akufuna yotchipa timamuuza mosabisa kuti ilipo m'masitolo ovomerezeka. Amene amabwera kwa ife amafuna chovala chosokedwa pa muyezo wa thupi lake, makamaka zikhothi. Chimene chimafunidwa kwambiri ndi chikhothi chachitali chabulauni ndi suti yamizere zimene David Tennant ankavala kuyambira mu 2005 mpaka 2010, kenako jekete laubweya lokhala ndi zigamba m'zigongono ndi katayi kooneka ngati gulugufe ka Matt Smith. Timalandira theka la ndalama poyamba kuti tigulire nsalu, ndipo lotsala limaperekedwa chovala chikayesedwa. Tinasamalanso za malamulo, chifukwa dzina la seweroli, zizindikiro zake ndi maonekedwe a kanyumba kabuluu kaja ndi katundu wa BBC. Pa zovala zathu sitisindikiza dzina kapena chizindikiro chilichonse cha seweroli, ndipo sitinena kuti katundu wathu ndi wovomerezedwa ndi eni ake.

Pamene ndikuyeza munthu mapewa ndi mikono, amayamba kufotokoza, ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa chimene timagulitsa. Kawirikawiri nkhani yake siikhala ya zilombo zachitsulo zotchedwa Daleks zimene ankaziopa mpaka kubisala kuseri kwa mpando. Imakhala ya madzulo a Loweruka, ya bambo ake amene anamwalira kale, ya nyumba imene anakuliramo, ya agogo amene anamulukira sikafu yoyamba ndi ulusi wotsalira. Kupukwa kotere ndimakudziwa bwino, ngakhale kuti kwanga ndi kwa malo ena ndi zinthu zina, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake ine mlendo ndatha kugwira ntchitoyi mwaulemu. Ena amandifotokozera za zigawo zakale zimene zinatayika pamene BBC inkafufuta matepi kuti iwagwiritsenso ntchito, moti zigawo zoposa 90 za m'ma 1960 sizikupezeka mpaka lero. Akamva kuti ndine wa ku Africa nkhope zawo zimawala, chifukwa mu 2013 kunalengezedwa kuti zigawo 9 zimene zinasowa zapezeka pa nyumba ina yotumizira kanema ku Jos m'dziko la Nigeria, ndipo Zambia nayo ili m'gulu la mayiko amene anagula mafilimuwo m'zaka zimenezo.

Komabe, pa zaka zimene ndakhala ndikumvetsera anthuwa, ndaona kuti kukumbuka zakale kokha sikungasunge sewero, ndiponso sikungasunge shopu ngati yathu. Kuukitsidwa kwa mu 2005 kunatheka chifukwa olemba sanalembere akale okha. Anayamba nkhani kudzera m'maso mwa mtsikana amene sankadziwa chilichonse za Dokotala, kuti mwana woonera koyamba aphunzire naye limodzi, ndipo zinthu zakale ankazibweza chimodzichimodzi, pa nthawi yake. Pamene Elisabeth Sladen anabwereranso mu 2006 monga Sarah Jane Smith, amene ankayenda ndi Dokotala m'zigawo zakale, makolo analira chifukwa chokumbukira, koma gawolo linali lomveka ngakhale kwa mwana amene sanamuonepo, chifukwa linkanena za munthu amene anasiyidwa ndipo wakalamba akudikira. Kumeneko ndi kugwiritsa ntchito bwino zakale. Koma gawo likadzaza ndi mayina ndi nkhope zimene wongoyamba kumene sangazimvetse popanda kufufuza pa intaneti, akale amasangalala usiku umodzi, ana amatopa, ndipo ife timazionera m'buku la maoda, chifukwa zovala za ana zimasiya kufunidwa.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi makasitomala ena amene amadandaula nthawi iliyonse Dokotala akasintha, ngakhale kuti ndimawamvetsera mwaulemu. Pamene Jodie Whittaker anakhala mkazi woyamba kutsogolera seweroli mu 2018, ena anati basi latha, koma m'shopu mwathu munayamba kulowa atsikana aang'ono ndi amayi awo, ofuna chikhothi chachitali chokhala ndi mizere ya utawaleza, anthu amene kale sankabwera. Pamene Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda ndi kukulira ku Scotland, anatenga udindowo mu 2023, ana a mabanja ochokera ku Africa a mumzinda uno anayamba kubwera ndi makolo awo, ndipo ana athu omwe anayamba kulionera ndi chidwi china. Gatwa ankasintha zovala pafupifupi gawo lililonse, zimene zinatipatsa ntchito yovuta chifukwa panalibe chovala chimodzi chimene aliyense ankachifuna, koma inali ntchito yokoma kwa telala wokonda nsalu zowala.

Pakhala nthawi zowawa. Nyumba yachionetsero ija inatsekedwa mu Seputembala 2017, ndipo alendo odutsa pakhomo pathu anachepa kwambiri, ngakhale kuti ena amabwerabe kudzaona malo amene anajambulirako Torchwood, sewero lina lochokera mu Doctor Who, pa bwalo la Roald Dahl Plass. Tinayamba kulandira maoda pa intaneti, kasitomala n'kumatumiza miyezo yake potsatira pepala limene tinakonza losonyeza poika tepi. Mliri wa Covid-19 unaimitsa misonkhano ya okonda seweroli mu 2020, ndipo tinapulumukira pa masikafu, chifukwa anthu atatsekeredwa m'nyumba anabwerera ku zigawo zakale. Kutuluka kwa Britain mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya kunawonjezeranso mapepala ndi msonkho pa katundu wotumiza kumeneko.

Pakali pano tsogolo la seweroli likukambidwanso. Gatwa anatsanzika mu Meyi 2025, nkhope ya Billie Piper n'kuonekera m'malo mwake, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho kunalengezedwa kuti kampani ya Disney, imene inkathandiza ndi ndalama kuyambira mu 2023, siipitiriza mgwirizanowo. Makasitomala achikulire amene anadikira kuyambira 1989 mpaka 2005 sakuoneka amantha, koma ine monga mwini bizinesi sindingakonze lendi ndi malipiro a antchito pa chiyembekezo chokha. Sitinasiye ntchito yokonza mathalauza ndi kusoka zovala za maukwati, imene imatidyetsa m'miyezi yopanda maoda ena, ndipo tayambanso kusokera magulu a zisudzo a m'masukulu. Loweruka masana mayi a kunyumba amaphunzitsa kuluka, ndipo ambiri mwa ophunzira awo ndi achinyamata amene akufuna kudzilukira okha sikafu yaitali ija, ena kuti akapatse makolo awo. Ulusi wa mitundu 7 timawagulitsa titauyeza kale pamodzi ndi pepala la mizere, ndipo mbali imeneyi ya bizinesi ndi imene ikukula mofulumira kuposa zina zonse.