Dzina la galimoto limabadwira mumsewu, kampani imangodzakolola

Kuno ku Joni ngakhale mwana wa sukulu amadziwa "gusheshe". Ndi BMW 325iS yomwe inkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ya injini ya malita 2.7. Mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, bode ndi yopepuka, ndiye akawotcherera difu, chogawira mphamvu ku matayalawo, kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi, galimoto imavina pamalo amodzi mpaka tayala kuphulika. Masewerawa anakulira ku Soweto, kumaliro a zigawenga, malo amene kampani yodzilemekeza sikanafuna kuonekako. Koma makanema a pa foni atawatchukitsa, mu 2020 BMW inatulutsa 330is Edition, magalimoto 230 okha, pokumbukira gusheshe yomweyo.

Golf GTI nayo anthu anaipatsa dzina lawolawo, "vrr-pha". Phokosoli si matsenga. Giyabokosi yake yosintha yokha magiya, yotchedwa DSG, ili ndi makilachi awiri, ndipo posintha giya kompyuta imadula moto mu injini kwa kamphindi, petulo wosapsa n'kukaphulikira mu ekizozi. Anyamata a m'makomboni anatengera kaliridweko pakamwa, Volkswagen n'kudzatola mawuwo pambuyo pake potsatsa malonda.

Pamenepa ndi pamene ambiri ogulitsa magalimoto amaphonya. Amalemba ganyu munthu wotchuka, n'kumupatsa mawu a chi Zulu oti aloweze, owonera n'kuzindikira nthawi yomweyo kuti n'zochita kupanga. Kanema amene amafala amaonetsa chinthu chimodzi chenicheni chimene galimoto imachita. Volvo mu 2013 inaimika Jean-Claude Van Damme pa magalasi a mathiraki awiri oyenda chafutambuyo, miyendo ikutang'adzika pang'onopang'ono. Anthu ankaonera iyeyo, koma chimene chinkagulitsidwa ndi chiwongolero chosagwedera.

Ngati mukujambula nokha pa yadi yanu yogulitsira magalimoto, imikani foni choongoka, chifukwa TikTok ndi sitetasi ya WhatsApp zimatero. Galimoto ioneke m'masekondi atatu oyamba, osayamba ndi chizindikiro cha bizinesi kapena moni wautali. Masekondi 15 mpaka 30 ndi okwana, deta ndi yodula. Phokoso la injini lijambulidwe palokha, maikolofoni ili chapambali pa ekizozi; ikakhala kutsogolo kwenikweni mpweya umaitseka, mumangomva kuti phuu. Mtengo ulembedwe pa kanemapo, poti ambiri amaonera m'takisi mawu atatseka. Nambala puleti ya kasitomala iphimbeni. Ndipo musajambule zozungulitsa galimoto pamsewu wa aliyense: kanemayo ndi umboni wokwanira kwa apolisi a mzinda wa Joni, a JMPD. Mukalipira wina kuti aitamande, alembe poyera kuti ndi malonda, ndizo zimene bungwe loyang'anira zotsatsa malonda kuno, la Advertising Regulatory Board, limafuna.

Foni yomweyo imalumanso. Makanema a Ford Kuga zikuyaka m'misewu atafala, mu Januwale 2017 kampaniyo inaitanitsa magalimoto oposa 4,500 a injini ya 1.6 kuti akakonzedwe, ndipo dzina la Kuga linatsala likununkha utsi.

Kwa inu abale amene mukugula yoti mupite nayo kumudzi kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza, kutchuka kumalipiridwa. Polo ndi Hilux zimakondedwa ndi akuba monga zimakondedwera ndi ogula, ndiye a inshuwalansi amakweza mtengo, ena amafunanso tiraka, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, asanavomere. Musanakopeke ndi vrr-pha, imbirani makaniko wanu ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mumufunse ngati DSG amaitha komanso ngati mafuta ake amapezeka.