Alamu, pepala lija labwera

Zithunzi za dzana mwaziona. Amene munaimba osayankhidwa mundikhululukire, foni inathima mwambo uli mkati. Gauni ndabweza kale, chatsala ndi matuza a nsapato zobwereka komanso pepala lolembedwa Diploma in Pharmacy, lomwe alamu alibisa pansi pa matiresi kuopa ana. Ambuye, zaka zitatu zimenezi mukuzidziwa ndinu. Ulemu ubwerere kwa Inu.

Amayi ku Dedza, zikomo chifukwa cha ufa ndi kachewere zomwe munkakweza pa minibasi osanena kuti kunyumba kwatsala chiyani. Aphunzitsi athu, anzanga asanu a gulu lokambirana, amayi a chigwirizano omwe anandisonkhera ya transipoti ulendo wa ku attachment, Mulungu akudalitseni nonse. Ndikanakutchulani mmodzimmodzi koma mutu sukuyenda bwino, tulo ndi tambiri.

Koma alamu anga. Ine sindikudziwa poyambira.

Ambiri mukudziwa kuti achimwene atatisiya, mayiyu analibenso chomukakamiza kundisunga. Ndine mlongo wa mwamuna amene anapita. Akanatha kunditumiza kumudzi, palibe akanamunena. Iwo anangoti, "Mphasa ilipo, ugona ndi ana." Basi, nkhani inathera pomwepo. Ankadzuka 4 koloko kupita ku Tsoka kukadula belo la kaunjika, ine n'kudzuka nawo kuti ndiwerenge nyumba isanayambe phokoso.

Chaka chachiwiri ndinalephera calculations, masamu a mankhwala, ndinalemba sapu, mayeso obwereza. Ndinalira ngati maliro, ndinati mwina mutu wanga si wa zimenezi. Alamu sanandipepese n'komwe. Anatenga mpando, anakhala patsogolo panga, amvekere, "Ine ndine mayi wa mwana wodwala, ndabwera pawindo. Ndiuze." Ndinayamba ndi amoxicillin wamadzi, uja wa 125mg mu 5ml iliyonse. Ndinati mwana akufunika 250mg, ndiye mumupatse 10ml katatu patsiku. Anandiyang'ana. "Ten mil ndiye chiyani? Kwathu kuli supuni ya tiyi ndi supuni ya phala. Iti?" Ndinasowa chonena. Masamu ndinakhoza, koma mayi uja akanapita kunyumba osadziwa chochita. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kutenga kachikho koyezera, kuloza mzere ndi chala, kenako kumuuza munthu kuti abwereze zomwe ndanena.

Usiku uliwonse zinali choncho. Pa LA, mankhwala a malungo aja, ndiye anandivuta kwambiri. Ndimati mwana wa makilo 12 amwa piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, masiku atatu, koma tsiku loyamba lachiwirilo amwe pakatha maola 8. Iwo, "Nanga ndikampatsa 2 koloko masana, ndimudzutse usiku?" Inde alamu, 10 koloko mumudzutse. "Nanga akasanza?" "Nanga thupi likazizira tsiku lachiwiri, otsalawo ndisungire mng'ono wake?" Ayi! Amalize onse, ndipo amwe atadya, makamaka chakudya chamafuta pang'ono kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Mafunso onsewo ndinadzakumana nawo pawindo lenileni kuchipatala cha boma komwe ndinachita attachment, mzere utafika pakhonde, mayi ali ndi mwana kumsana wina kumanja. Anzanga ankadabwa kuti Chichewa chofotokozera mankhwala ndinachitenga kuti. Ndinachitenga kwa mayi amene sukulu analekezera Sitandade 7.

Ngakhale za m'sitolo ya mankhwala anali ndi mawu ake. Ndikuloweza FEFO, lamulo loti oyandikira kutha mphamvu ndiwo azituluka poyamba, iwo anaseka. Akuti, "Ndiye mpaka kulipira fizi? Ine majuzi ndimawatulutsa Ogasiti asanathe, Okutobala akandipeza nawo ndaluza." Stock card anaimva msanga kuposa ine: cholowa ulembe, chotuluka ulembe, chotsala chigwirizane ndi chomwe chili pashelefu. Kope lawo la ngongole ndi momwemo. Tsiku lina ndinawauza kuti insulin ndi oxytocin zimasungidwa mu fuliji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo timalemba kutentha kwake m'mawa ndi madzulo. Anangoti, "Fuliji ija akanatisiyira bwenzi ukuyeserera pompano." Tinaseka, kenako tonse tinakhala chete.

Za fuliji imeneyo ena mukuzidziwa bwino kuposa ine. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Chabwino. Koma amene anaimirira pamaliro n'kunena kuti "sukulu ya mwanayu tiiona ife", fupa lawolo sindinalione tsiku la fizi. Sindikutchula munthu. Mauthenga anu oti "adokotala athu" ndawalandira, zikomo. Kungoti sindine dokotala, ndine pharmacy technician, ndipo amene mwayamba kale kunena kuti ndizikusungirani Bactrim, mankhwala amatuluka ndi chikalata cha kuchipatala.

Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa belo unakwera moti anzawo ena anasiya geni. Ine ndinali ndi balansi, mayeso ali pafupi. Ndinalongedza chikwama mwakachetechete, ndimati ndipite kwa amayi ndikalime, za sukulu tidzaziona. Alamu anachipeza kuseri kwa chitseko. Sanalankhule. Anatulutsa zovala zonse n'kuzibwezera pachingwe. Lachisanu lake anabwera ndi ndalama atazimanga pansonga ya chitenje. Ndinadzamva patapita miyezi, kwa mayi wina wa banki mkhonde, kuti inali ngongole, ndipo anaibweza ndi chiwongoladzanja ana akudya nsima ya bonya mlungu ndi mlungu. Mpaka lero ndikawafunsa amati, "Iwe, zimenezo zinapita."

Sizinapite alamu. Kwa ine sizinapite.

Ntchito sinapezeke, ndisanamize anthu. Pali zokalembetsa ku PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala, kuti ndigwire ntchito movomerezeka, kenako kuponya makalata ngati wina aliyense. Mundikumbukire m'mapemphero. Ambuye amene munandidutsitsa pa sapu, musandisiye panjira, ndipo mayiyu mumupatse masiku ambiri kuti adye nawo.

Alamu, ndikudziwa kuti pa Facebook simulipo, mwana wanu wamkulu akuwerengerani madzulo ano, ndiye mumve bwino. Mapiritsi anu a BP ndawawerenga m'mawa uno. Anayenera kutsala 9, atsala 16. Mwadumphitsa mlungu wathunthu chifukwa chothamangira za gauni ndi keke yanga. Lolemba tikupita limodzi mukayezetse, ndipo musandiuze kuti kumsika kulibe wokhala pabenchi. Ndikhalapo ine mukabwerako, mitengo ndimaidziwa.