Loweruka, 5 Sepitembala 2020: mamasiki a mtsikana wanga

Lero tsiku lonse ndathera pa makina. Lolemba lino a sitandade 8 ndi a folomu 4 akubwerera kusukulu chitsekereni mu Malichi muja chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndiye mtsikana wangayu sangapite kukamwa kuli pamtunda, komanso paja chiyambire Ogasiti boma linati wopezeka pagulu alibe masiki alipira K10,000. Ndalama imeneyo ndiitenga kuti ine? Abuluu aja a ku famase ndi ovala kamodzi n'kutaya, sitingakwanitse tsiku ndi tsiku.

Chitenje ndinachichapiratu dzulo kuti sitachi achoke, chatsopano chimakhala chogwagwalala ndipo kafungo kake pamphuno sungapirire. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu Juni anati masiki ansalu akhale a magawo atatu, mkati kotoni woyamwa chinyezi, pakati kansalu kosefa konga ka zikwama zogulira zinthu zija, kunja poliyesitala yosalowa madzi msanga. Ine mkati ndaika tisheti yakale yofewa, pakati ndadula kachikwama, kunja ndiye chitenje chifukwa ndi chomwe ndili nacho, koma ndayamba ndachiyang'anitsa kudzuwa, nsalu yoti kuwala kukudutsa mbee siithandiza kanthu.

Pondidyera nthawi ndi popinda. Ndimapinda katatu, mapindo onse aloze pansi, n'kusita ndi simbi ndisanasoke, apo ayi singano ikafika pokhuthala paja nsalu imathawa ulusi n'kuduka. Pamphuno ndalowetsa kawaya kakang'ono nditakapinda nsonga kuti kasamubaye.

Lasitiki ndiye amukana. Atangoyesa woyamba anati "amayi makutu akuwawa, ndikafika nawo masana?" Zoonadi kuseri kwa khutu kunali katafiira kale. Basi ndadula timizere ta tisheti yomweyo, ukatikoka timadzipiringiza tokha n'kukhala ngati chingwe, akumangira kumbuyo kwa mutu. Ndamuuza awerenge mokweza ndime ya Chichewa atavala, mawu akumveka bwinobwino ndipo sakutsika pamphuno, mtima wanga unakhala pansi pamenepo chifukwa masiki othina mwana amangowatsitsira pachibwano aphunzitsi akatembenuka.

Ndasoka okwanira kusinthasintha, akaweruka achape ndi sopo ndi madzi otentha, ayanike padzuwa. Madzulo anabwera aneba atanyamula chitenje chawo cha mpingo, mnyamata wawo ali folomu 4 ndipo nkhope yake ndi yaikulupo, ndawauza abwere naye mawa tikachoka kutchalitchi ndidzamuyeze kaye ndisanadule.